Tebulo la Pakona

Mvula ya ku Mzuzu sigogoda,
imangolowa m'jekete ngati m'bale wodzagona.
Ndaimika galimoto yatsopano pansi pa mitengo ya paini,
mipando yake ikadali m'mapulasitiki,
mlonda wandithamangira ndi ambulera
kuti dontho lisakhudze mutu
womwe unasenza matabwa ku Chikangawa zaka khumi ndi ziwiri.

M'katimu nyale n'zofooka mwadala.
Akuti mdima wotere ndi wodula.
Kwathu ku Chibavi timautcha kuthima kwa magetsi.

Patsogolo panga mafoloko atatu, mipeni itatu,
matambula anayi, pamene pakamwa ndili napo pamodzi.
Alendo anga, a Chavula a ku banki ndi akazi awo,
akusimba za mahotela a ku Dubai
kumene thaulo limabwera lofunda,
za wotchi yosafuna batire,
za sutikesi yachikopa yoyenda ndi mateyala anayi.
Ndikugwedeza mutu. Inenso ndinagula yotero.
Ili pamwamba pa wadilopu,
muli malisiti a mafuta a macheka.

Kenaka wafika wopereka zakudya,
malaya oyera mbee, tayi yagulugufe,
kansalu pamkono ngati wovulala.
Ndamuzindikira ndi chipsera cha pachibwano:
Vitumbiko Harawa, Sitandade 7, pa Katoto,
amene ankapendeketsa kope lake la masamu
kuti ine wakumbuyo ndione mayankho.
Dzina lake linatuluka pa mndandanda wa kusekondale.
Langa linakatulukira kunkhalango.

"Bwana asankha vinyo uti?"
Maso ake ali pakhosi pa botolo.
Mayina a pamenyu akuyenda ngati linthumbu.
Ndaloza wapansi penipeni,
wamtengo wa matabwa makumi anayi.
Wathira pang'ono, waima.
Ine ndikudikira adzaze. Iye akudikira ine.
A Chavula atsokomola.
Vitumbiko wapukusa dzanja pang'ono,
wakhudza mphuno ngati wayabwidwa.
Ndapukusa tambula, ndanunkhiza:
mgolo wonyowa, thabwa losauma bwino.
Fungo limenelo ndiye ndimalidziwa!
"Ali bwino," ndatero,
mawu oona oyamba kutuluka mwa ine usikuuno.

Nsomba yafika, kachidutswa ka batala
pakati pa mbale yotambalala ngati bwalo la mpira,
timadontho titatu ta msuzi, katsamba kamodzi.
Dzanja langa likuzungulira pamwamba pa zitsulo
ngati kabawi wosowa mwanapiye.
Iye, pokonza nsalu yosakwinyika n'komwe,
wakankha ndi kachala mpeni wobuntha uja.

Kope lapendekekanso.

Khofi akuti ndi wa m'mapiri athu omwewa,
koma wabwera m'kakapu
koti chala changa sichilowa m'chogwirira.
Mayi Chavula akufunsa kumene ndikapumire Disembala.
Ndatchula dziko lomwe ndinaliona pakalendala.

Bilu yabwera m'kabuku kachikopa.
Ndalipira, ndawonjezera zina osawerenga,
mpukutu wonenepa, wofuna kunena
zomwe lilime lakanika pamaso pa alendo.
Wawerama, watenga, wapita.

Ndili pakhomo, ambulera ili kale pamutu,
ndamva nsapato zake kumbuyo.
"Bwana, mwaiwala chenje."
Mpukutu uja wabwerera, wangochepa pang'ono,
ndipo kuseri kwa lisiti
zilembo zopendekera zomwe zija:
Khumi pa zana zakwana.
Masamu akukuvutabe, Suzgo.
M'munsi mwake nambala ya foni.

A Chavula anyamuka kale, nyali zawo zakhota cha ku Katoto.
Ine ndakhala m'galimoto osaliza injini,
mapulasitiki akulira pansi panga,
nkhungu ikutsika kuchokera ku Kaning'ina
kudzafufuta chikwangwani cha hotela.
Ndayatsa kanyale ka pamwamba,
ndatambasula zala zanga za zipsera za macheka,
ndikuwerengera khumi pa zana,
ndalakwitsa,
ndayambiranso.